Makina Otembenuza Masamba

Bambo anga, Anselmo Trindade,
ankakonza mawotchi pa msewu wotsetsereka wa ku Porto,
pomwe sitima zamumsewu zimalira ngati zikudandaula
zikamakwera kuchokera ku mtsinje wa Douro.
Sanatchukepo. Dzina lawo silili pa chipupa chilichonse.
Anapangapo ambulera yokhala ndi ngalande m'mbali
yomwe inkathira madzi onse m'nsapato,
ndi msampha womwe unkangonenepetsa makoswe.
Anthu a mumsewu wathu ankaseka, iwonso ankaseka nawo.

Chaka chomwe manja a mayi anauma,
zala zitapindika ngati mizu ya mpesa wakale,
chomwe chinkawawawa kwambiri sichinali supuni
kapena mabatani a diresi.
Linali buku.
Ankafika pansi pa tsamba n'kudikira,
maso ali pa mawu omaliza,
mpaka wina adutse.

Ndiye bambo anatseka shopu masiku khumi ndi awiri.
Anaphwasula wotchi yapakhoma
yomwe mwini wake sanabwerenso kudzatenga,
anatenga sipoko ya njinga,
labala wa pa botolo la mankhwala,
ndi chopondera cha makina osokera a mayi omwewo.
Usiku ndinkamva gogogo, kenaka kakutukwana kapansipansi,
kenaka zii.

Makinawo sanali okongola ayi.
Ankaoneka ngati nkhanu yogona chagada.
Koma mayi akaponda ndi chidendene,
kadzanja ka waya kankatsika, kunyambita ngodya ya pepala,
n'kulitembenuza pang'onopang'ono
ngati munthu wovundukula mwana ali m'tulo.
Nthawi zina kankanyamula masamba awiri pakamodzi,
mayi n'kufuula kuchokera kuchipinda:
Anselmo, wandiphera munthu
ndisanamve n'komwe kuti wadwala!

Anatumiza zojambula zawo ku Lisbon,
ku ofesi yolembetsa zinthu zopangidwa kumene.
Yankho linadza patapita miyezi isanu ndi inayi,
kalata yaulemu, mizere itatu basi:
nzeru yotereyi wina anailembetsa kale,
kutsidya la nyanja, iwo asanabadwe.
Bambo anaiwerenga ali chiimire pakhomo.
Anati: Chabwino. Ndiye kuti kumenekonso
kunali mkazi wokonda mabuku.
Anaipinda kanayi kalatayo
n'kuitsamiritsa mwendo wa tebulo womwe unkagwedera.

Lero ndikutulutsa katundu m'shopumo.
Omwe agula nyumbayi akufuna kugulitsiramo khofi kwa alendo.
Mdzukulu wanga Benedita wakhala pa bokosi,
akuwerenga pa kagalasi kake kowala.
Akangokhudza, tsamba lapita,
popanda phokoso, popanda fumbi,
ndipo sikanyamula awiri.
Akuti kulinso zina zongomvera diso:
ukaphethira, latembenuka.
Sindikutsutsa. Mayi akanazikonda.
Anapanga zimenezo ndani? ndamufunsa.
Wakweza mapewa. Kampani, akutero.

Nkhanu ija ndaipeza kuseri kwa kabati,
dzimbiri litalowa m'mfundo zonse, labala atang'aluka.
Ndaidonthezera mafuta, madontho atatu,
monga ankachitira mwini wake Loweruka lililonse.
Ndaikapo buku lomwe mayi anasiya,
kansalu kawo kakadali pa tsamba 214.
Benedita wavula nsapato, waponda.
Kadzanja kanjenjemera, katsika,
kaphonya.
Waponda kachiwiri, lilime lili pakati pa mano.
Pepala ladzuka,
laima chilili pakati ngati likuganiza,
lagwera tsidya linalo.

Padenga mbalame za kunyanja zikukangana.
Galimoto yonyamula katundu yaimba hutala kawiri.
Benedita sanamve.
Wawerama, chala chili pansi pa mzere woyamba,
wayamba kuwerenga mokweza
kuyambira pomwe mayi anga sanafike.